Kodi khovani angandiphimbire pansi pa mitengo ya mapeyala?

Mayi wa ku Bembeke:
Anzanga odziwa za zomera, ndithandizeni maganizo. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mitengo iwiri ikuluikulu ya mapeyala, koma pansi pake ndi pambalambanda. Kapinga ndinabzalapo, anangochita chikasu n'kutha. Timasesapo m'mawa uliwonse, ndiye mvula ikagwa dothi limakokoloka, mizu yafika pamtunda moti ana akupunthwa nayo. Chonsecho m'mbali mwa mpanda, pamthunzi pomwepo, pamera khovani yekha, wobiriwira bwino, ndipo timaluwa take tabuluu m'mawa timasangalatsa. Ndikufuna ndimubzale dala ponsepo. Apongozi anga akuti udzu wa kumunda saubweretsa pakhomo. Alipo amene anayesapo?

Mlimi wa ku Lizulu:
Amayi, apongozi anuwo muwamvere pang'ono. Ife olima mbatatesi ndi kabichi khovani timamudziwa. Ukamudula ndi khasu n'kumusiya pamzere, mvula ikangogwa kachidutswa kalikonse kamatulutsa mizu pamfundo n'kudzuka. Komanso mukamuzula muyang'anitsitse kunsi, muona timphukira toyera tolowa m'dothi. Timeneto timabereka njere pansi pomwepo, ndiye kuzula masamba sikumutha ayi. Ngati dimba lanu la ndiwo lili pafupi ndi mapeyalawo, musayerekeze.

Mayi wa ku Bembeke:
Zikomo bambo. Dimba lili kudambo, kutali ndithu. Pamenepa pali mpanda mbali imodzi, mbali inayo khonde la simenti.

Agogo a akalulu, Ntcheu boma:
Basi mwana wanga, bzala. Kuuma mutu kumene akudandaula bambowa ndi kumene iwe ukukufuna. Kwanga ali pansi pa mango, ndipo ndimamumweta kudyetsa akalulu, nkhumba nazo zimamukonda. Kumwetako ndi kumene kumamuletsa kukwera mpanda.

Dikira mvula ikhazikike, cha mu Disembala. Dula nthambi zokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, uzigoneke pansi, ukwirire mfundozo ndi dothi pang'ono, nsonga ikhale kunja. Usalime mozama, mizu ya peyala imayenda pamwamba ndipo siifuna khasu. Kungopalasa ndi kamtengo n'kokwanira. Tsache lija ulisiye. Masamba a peyala akagwa uwasiye awolere pomwepo, ndiwo manyowa ake, ungochotsa amene aunjikana pamwamba pa nthambi zanthetezo. Nkhuku ndiye adani enieni masabata oyambirira, zimafukula zonse tsiku limodzi. Ine ndinayalapo nthambi zaminga mpaka atagwira.

Koma ndikuuziretu: maluwawo ndi a m'mawa okha, dzuwa likafika paliwombo afota. Ndipo chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, amaoneka womvetsa chisoni ngati suthirira. Ine ndimamuthira madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, osati a sopo. Kwanu ku Bembeke kozizirako ndiponso kwa nkhungu mwina angapirire kuposa kuno.

Wokonda maluwa, Dedza tauni:
Ndiwonjezereko. Ngati mukufuna maluwa ooneka tsiku lonse, sakanizani ndi impatiens, aja a tsinde lamadzimadzi, a maluwa ofiira kapena apinki, amene timakoko take timaphulika ukatikhudza. Anthu amayesa ndi achizungu poti amagulitsidwa m'miphika, koma kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa, m'nkhalango zachinyezi. Kanthambi kamodzi mukakaika m'botolo la madzi kamatulutsa mizu, ndiye ingopemphani kwa aneba. Zokazula zomera m'phiri la Dedza ayi, ija ndi nkhalango yotetezedwa. Muwaike pafupi ndi khonde pamene mungamathirire, chifukwa ludzu sapirira ngati khovani, ndipo khovaniyo muzimudula asawakwere.

Mayi wa ku Bembeke:
Agogo, zikomo kwambiri. Nanga njoka? Apongozi akangomva kuti sitikusesanso, nkhani yake ikhala imeneyo.

Agogo a akalulu, Ntcheu boma:
Uzimweta asapitirire m'kakolo, ndipo usiye kanjira kosesa pakati pa khonde ndi khovaniyo. Apongoziwo uwapatse kanjirako azisesa okha.