Za mapasa ndi ulendo wa ku Malindi

Gulu: Mbumba ya ku Malindi

Mayi a mapasa: Mwadzuka bwanji nonse? Ana mulibe pagulu pano eti, ndilankhule momasuka. Mwana wanu wamkazi uja wakula, zachitika Lachiwiri. Amayi ndawaimbira, akuti sukulu akangotsekera tipite naye ku Malindi akamulangize iwo ndi azakhali. Ndiye tigwirizane tsiku ndi zosonkha.

Malume aakulu: Tamva achemwali, zikomo potidziwitsa. Koma ine nkhawa yanga ili pa wamwamunayo. Nditadutsa paboma ku Mangochi mwezi watha ndinaona mlongo wake atamupitirira mutu wonse. Mimba imodzi, tsiku limodzi, nsima mbale imodzi, zaka 12 onse. Mwanayu sakupinimbira? Kuno ku Monkey Bay kuli mkulu wina amadziwa mitengo.

Wa ku Joni: Achimwene mwayamba 😂

Anesi ku Zomba: Achimwene, mitengoyo isiyeni kaye. Mwanayo alibe vuto. Thupi la mtsikana limayamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, la mnyamata pakati pa 9 ndi 14. Pa nkhani yotalika kusiyanako kumakula ndithu: mtsikana amathamanga msinkhu ali ndi zaka 11 kapena 12, mnyamata akafika 13 kapena 14. Ndiye pa zaka 12 m'pomwe amaoneka osiyana kwambiri.

Anesi ku Zomba: China n'chakuti kwa mtsikana kutalika kumabwera koyambirira, limodzi ndi mawere, ndiye aliyense amaona. Msambo umabwera patapita zaka ngati 2 chiyambireni. Kwa mnyamata choyamba ndi kukula kwa mavalo, chomwe inu malume simungachione. Kutalika, mawu a besi ndi ndevu zimadza pambuyo. Mwina anayamba kale ife osadziwa.

Bambo a mapasa: Alamu, apo mwandikumbutsa. Nsapato tinamugulira mu Januwale akuti zikumuthina, chidendene anachiponda kukhala ngati patapata. Ndinamukalipira kuti akuwononga dala.

Anesi ku Zomba: Musamukalipirenso alamu, chimenecho n'chizindikiro chabwino. Mapazi ndi manja ndiwo amayamba, kenako miyendo, thunthu pamapeto.

Msuweni mphunzitsi: Ine izi ndimaziona chaka ndi chaka kuno ku Namwera. Pa asembule Sitandade 6 ndi 7 tikawaimika motsata msinkhu, kumbuyo kumadzaza atsikana okhaokha, anyamata ali timbwembwe kutsogolo, makabudula ofika m'mawondo. Omwewo mukakumane nawo ali Fomu 2, mumachita kuwayang'ana chokweza khosi. Chimene chimandiwawa n'chakuti atsikana otalikawo anthu amayamba kuwatenga ngati akuluakulu, pomwe m'mutu akadali a fulaye.

Mayi a mapasa: Zoona zimenezo. Dzulo lomwe akabaza ena pa depoti amuitana kuti asisi, iye kufika kunyumba akulira. Wamwamunanso masiku ano akukana kuyendera limodzi kusukulu, anzake akumamuti ndi mng'ono wake. Chonsecho anayamba kubadwa ndi iyeyo.

Malume aakulu: Chabwino, koma tidikira mpaka liti? Tisadzadzidzimuke madzi atafika m'khosi.

Anesi ku Zomba: Akafika zaka 14 palibe chilichonse chasintha, pamenepo mpite naye kuchipatala akamuyeze. Kwa mtsikana timayang'ana ngati wafika 13 mawere osayamba, kapena 15 asanasambe. Chimene chimachedwetsa ana ambiri kwathu kuno ndi kudya kosakwanira ndi matenda okhalitsa, komanso zimatengera kumtundu. Inu achimwene amayi amanena kuti munatalika mochedwa, mpaka ankakutumani kukagula mchere anzanu akupita kokoka makoka.

Wa ku Joni: Nkhani yatembenuka 🤣🤣 Koma zoona, nthawi yathu kunyanja kuja ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ena ankanyada nazo.

Anesi ku Zomba: Limenelo ndi likodzo, palibe kukula pamenepo. Limamaliza magazi m'thupi ndipo mwana amakula mofooka. Popeza ku Malindi akakhala akusambira tsiku lonse, achemwali muwafunse ngati anamwa mankhwala a praziquantel aja amagawa kusukulu. Onse awiri.

Mayi a mapasa: Wamkazi anamwa, wamwamuna ndikukayika, tsiku limenelo anati mutu ukumupweteka. Ndimufunsa bwinobwino.

Malume aakulu: Nanga za jando? Amayi anandiuza kuti ndagala, msasa wa anyamata a jando uja, chaka chino ikhalapo mu Ogasiti. Mwina akapita kumeneko thupi lidzuka.

Bambo a mapasa: Alamu, za mdulidwe ine sindikukana, koma ndimafuna akadulidwe kuchipatala, mwambo utsatire. Tikambirane pamaso, osati pafoni.

Anesi ku Zomba: Ndikugwirizana ndi alamu. Ndipo mdulidwe sufulumizitsa msinkhu, achimwene. Chimayambitsa zonsezi ndi ubongo, umatumiza uthenga m'magazi kuti thupi lipange mahomoni, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake. Kuchedwako mnyamata amapindula nako: amakhala akukulabe pang'onopang'ono zaka 2 zowonjezera asanathamange, n'chifukwa chake amuna ambiri amathera patali kuposa alongo awo.

Msuweni mphunzitsi: Pempho langa lili pa malangizo a wamkaziyo. Azakhali timawadziwa, akayamba za m'banja sasiya. Mwana amuuze za ukhondo, kuwerenga masiku, kukana amuna, basi. Seputembala akulowa Sitandade 8, mayeso ali kutsogolo. Malamulo a dziko anasintha mu 2017, ukwati ndi zaka 18, ndiye zina zija zidikire.

Mayi a mapasa: Ndiye inu anesi mukakhalepo m'nyumbamo. Ine azakhali sindingawadule mawu.

Anesi ku Zomba: Ndipempha tchuthi cha Loweruka loyamba la Ogasiti. Mapadi ochapa ndibweretsa ndine. Muzimupatsanso usipa, nyemba ndi bonongwe, magazi azibwerera.

Malume aakulu: Tsikulo lili bwino. Wamwamunayo ndimutenga ine tikakhale pagombe ticheze ngati amuna, asaone ngati chikondwerero n'cha mlongo wake yekha. Za mitengo ndasiya. Mpunga ndi chambo ndi zanga.

Wa ku Joni: Ine mayunifomu ndi nsapato. Masaizi?

Anesi ku Zomba: Wamkazi onjezerani saizi imodzi yokha, akayamba kusamba amangotalika masentimita ngati 5 mpaka 7 n'kuima. Wamwamuna telala asiye mpindiro waukulu, ndipo nsapato musagule zodula.

Wa ku Joni: Ndatumiza kwa achemwali, onani pa Mpamba madzulo. Otsala tonse K20,000 aliyense ya nkhuku, zitenje ziwiri za amayi ndi azakhali, ndi thiransipoti.

Msuweni mphunzitsi: Yanga idikire malipiro, mwezi ukatha.

Bambo a mapasa: Palibe vuto. Ife tinyamuka paboma Lachisanu masana. Alamu a ku Monkey Bay mutipeza pa mlatho kapena mutsogola?

Malume aakulu: Ndikupezani pa mlatho 2 koloko. Wina awaimbire amayi, foni yawo ine siikulowa.