Zoonjezera pa funso la mtunda wa pakati pa Heathrow ndi Schiphol

Pa funso lija la kutalika kwa ulendo wa pandege kuchokera pa bwalo la Heathrow ku London kukafika pa Schiphol ku Amsterdam, yankho linali makilomita pafupifupi 370, ndipo nambalayi ndi yoona tikayeza molunjika. Komabe ndege imatsata njira imene oyang'anira zamumlengalenga aipatsa powoloka nyanja ya North Sea, choncho mtunda umawonjezekako. Mumlengalenga imatha mphindi pafupifupi 45, koma pa tikiti amalemba nthawi yoposa ola limodzi, mwa zina chifukwa ikatera pa msewu wa ndege wotchedwa Polderbaan ku Schiphol, womwe uli kutali ndi nyumba yofikira apaulendo, imayendanso pansi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo. Amene mukakwerenso ndege ina kumeneko, chonde musaiwale kuti nthawi ya ku Amsterdam ili patsogolo pa ya ku London ndi ola limodzi.