Kodi "pepani sapoletsa chilonda" amanenera yani?

Wowerenga Usiku:
Abale, ndithandizeni. Ndangomaliza buku lina la nkhani yopeka, lonena za mwamuna ndi mkazi amene anakumana pa gulu la uphungu. Mkaziyo anachitidwa nkhanza zaka zambiri, moti chitseko chikangomenyeka amanjenjemera thupi lonse. Mwamunayo anapulumuka pa ngozi imene inapha mng'ono wake, ndipo kuyambira pamenepo tulo satiwona. Penapake mwamunayo akukweza mawu, mkazi n'kukadzitsekera kuchipinda, iye n'kuima pakhomo akuti pepani, pepani. Powafotokozera azakhali anga ndinati apa ndiye pepani sapoletsa chilonda, kupepesa n'kopanda ntchito. Azakhali anandidula mawu, akuti mwambiwo ndaupotoza. Chifukwa chake sanandiuze.

Kadzidzi:
Azakhali anu akunena zoona, achemwali. Agogo anga aakazi ankaunena akaona anthu abwera kudzazonda wodwala, anena pepani, n'kunyamuka osamutungira ngakhale madzi. Pepani wa m'mwambiwu si wa wolakwa ayi. Ndi wa wodzaona.

Mwana wa Chisanu:
Koma ine agogo anga ankaunena usanalakwe n'komwe. Ndikuwakumbuka atandipeza ndikuseweretsa mpeni pafupi ndi mlongo wanga wakhanda. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe, pepani sapoletsa chilonda." Mpaka lero ndikafuna kuyankhula mawu opweteka ndimamva liwu lawo lija. Ndi chenjezo basi.

Kadzidzi:
Chenjezo lake ndi lomwelo, achimwene. Mukadamucheka mwanayo, agogo akadafuna mumumange bala, osati mungoima apo ndi pepani wanu.

Mwana wa Chisanu:
Ayi bambo, mukukokera kwanu. Iwo ankafuna bala lisakhalepo.

Namwino Wopuma:
Ine zanga ndi zilonda zenizeni. Chilonda chakuya chimapola kuyambira pansi. Chikafulumira kutsekeka pamwamba mafinya ali m'kati, chimatupa, ndipo timachitsegulanso. Za m'mutu n'chimodzimodzi. Zimene mukufotokoza m'bukumo, kudzidzimuka, maloto oopsa, kupewa malo amene akukukumbutsa, madokotala amazitcha PTSD zikapitirira mwezi. Dzinalo linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980, koma amayi anga ankangoti munthuyo mtima unachoka m'malo. Mkazi uja sakuthawa mwamunayo, thupi lake likuthawa munthu wakale. Pepani sangafike kumeneko tsiku limodzi. Komabe sindinaonepo wodwala amene anaipidwa ndi mawu amenewa.

Mayi wa Atatu:
Bola inu mukukangana za pepani. Ana a masiku ano ndi "sorry" basi, maso ali pa foni. Mwana wanga wamkulu mnzake atamwalira mayi, anamulembera "sorry" ndi kachithunzi kolira. Ndinamva manyazi.

Mwana wa Chisanu:
Ndiye palinso "move on". Munthu waikidwa m'mavuto zaka khumi, iwo akuti move on. Ndipo chilichonse ndi "trauma", ngakhale intaneti ikavuta. Tsono amene wavulaladi adzagwiritsa mawu ati?

Kamtsitsi:
Musatiphatikize tonse, amayi. Ife achinyamata ndi amene tikuyankhula poyera zinthu zimene agogo athu ankafa nazo mumtima. Agogo anga ankati limba mtima pa chilichonse, koma ine ndinkawamva akulira usiku.

Mayi wa Atatu:
Zimenezo sindikukana, mwanawe. Koma mawu akuti chipsera ukuwadziwa? Ndinafunsa ana anga kusiyana kwa bala, chilonda ndi chipsera, onse atatu kuti zii.

Kadzidzi:
Mwasochera nonse. Bwererani ku mwambi. Anthu amati pepani pa maliro, kodi amakhala atapha munthu? Ndiye pepani ameneyo amene akunenedwa.

Wowerenga Usiku:
Ndawaimbira azakhali. Tanthauzo sanandiuzebe. Angondifunsa kuti, "Nanga mwamunayo atanena pepani anachoka pakhomopo?" Ayi, sanachoke. Anakhala pansi kunja kwa chitseko mpaka kunacha, osagogoda, osayankhulanso. Pamenepo ndi pamene ndinalira powerenga. Azakhali angoti "ehee" n'kudula foni.

Kadzidzi:
Mwamvatu. Ndi zimene ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa.

Mwana wa Chisanu:
Akadapanda kukweza mawu, sakadagona pakhomo. Agogo anga ankanena zimenezo.