Grant sinalowe, madzi atidulira, makolo akuti tisonkhe

Hedi wa ku Kanyama, Lusaka: Anzanga thandizeni msanga. Grant (ndalama za boma zoyendetsera sukulu) ya kota ino sinalowebe mu akaunti, madzi atidulira chifukwa cha bilu, mlonda akundiyendera tsiku ndi tsiku. Grade 5 yokha ana aposa 100, zimbudzi zili gwa, mvula ndi iyi. Komiti ya makolo yabwera yokha kuti mwana aliyense abweretse K20. Ndilandire? Nanga risiti ndilemba yotani?

Amayi a Accounts: A Hedi, ndalama imeneyo musaigwire ngakhale ndi chala. Kuyambira January 2022 fizi, PTA ndi ndalama za mayeso zonse boma linachotsa. Kholo limodzi likangojambula risiti n'kuika pa Facebook, palibe adzafunse kuti anayambitsa ndani.

Wa Civic Education: Nkhani iyi ndi ya kukhoti basi. Ku South Africa mu 2012 bungwe la Section27 linasumira boma chifukwa mabuku sanafike m'masukulu a ku Limpopo, ndipo linapambana. Ife timangolira pa gulu pano.

Deputy wa ku Matero: Ndinaona ndi maso anga hedi wina atasonkhetsa ya choko, makolo atavomera pa msonkhano, minitsi zilipo, zosainidwa. Anamuitanabe kukafotokoza, kenako transifa ya kutali, banja n'kutsala m'tauni. Minitsi sizikutetezani.

Amayi a Accounts: Ndiponso musatape ndalama za production unit (zimene sukulu imapeza pogulitsa zomwe yalima kapena kupanga) kapena za layini ina kuti mudzabweze grant ikabwera. Pa retirement, pofotokoza mmene ndalama zinagwirira ntchito, ma risiti sadzagwirizana, audit query n'kukhala yanu nokha. Lembani kalata kwa a DEBS (mkulu wa maphunziro wa m'distirikiti) lero, muphatikizepo bilu ndi chikalata chodulira madzi, kope adinde mubwere nalo. Aitaneninso a zaumoyo a kukiliniki adzaone zimbudzi, alembe lipoti. Paja mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu mpaka February, lipoti lotere salikhalira pansi.

Wa Civic Education: Makalata talemba angati? Ku America, m'chigawo cha Washington, khoti lalikulu la chigawocho linagamula mu 2012 pa mlandu wa McCleary kuti ndalama za masukulu n'zosakwanira. Aphungu atazengereza, mu 2015 linayamba kulipiritsa boma $100,000 pa tsiku. Khoti limaluma.

Hedi wopuma: Mwana wanga, kumeneko maphunziro analembedwa mu konsitityushoni yawo ngati udindo woyamba wa boma, n'chifukwa chake woweruza anali ndi pogwira. Kwathu kuno ku Zambia Bill of Rights (gawo la maufulu mu konsitityushoni) ilibe ufulu wa maphunziro. Referendamu ya August 2016 inkafuna kuwonjezera maufulu otere koma mavoti sanakwane. Komanso iwe ndiwe wa m'boma, ukasumira amene amakulipira, ana akudikira madzi Lolemba.

Wa Civic Education: Agogo, adasuma pa mlandu wa McCleary anali makolo, osati ahedi. Makolo a ku Kanyama asume.

Deputy wa ku Matero: Loya amulipira ndi K20 yomweyo?

Senior Teacher, Chawama: Nanga CDF, thumba la chitukuko cha konsitityuwensi? Inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Ife madesiki tinapeza kudzera ku WDC, komiti ya chitukuko ya wodi.

Amayi a Accounts: CDF silipira bilu ya madzi kapena mlonda. Chitsime ndi thanki mwina, koma fomu iyambire ku WDC, ipite ku komiti ya CDF, kenako procurement ya khonsolo. Teremu ino iwalani. Ndipo samalani, khansala akabwera ndi makamera musavale mtundu wa chipani chilichonse.

Senior Teacher, Chawama: Paja madesiki athuwo, ena anayamba kuthyoka ma weld teremu isanathe. Alipo akudziwa wowotcherera wabwino amene ali ndi TPIN (nambala ya msonkho) ndi tax clearance?

Hedi wa ku Kanyama: Nanga kholo likagula lokha klorini ndi ndowa n'kubweretsa, osadzera mwa ine, zimenezonso ndi mlandu?

Hedi wopuma: Lembani m'buku la zopereka, kholo lisaine, ndipo musalengeze pa assembly kuti ena atengere chitsanzo. Mwana aliyense asabwezedwe pageti chifukwa sanabweretse kanthu.

Wa Civic Education: Chaka chamawa tidzakambanso zomwezi ngati palibe wopita kukhoti.