Prednisolone wandilanda tulo, thandizeni

Moni nonse abale. Ndili pa prednisolone chifukwa cha nyamakazi, 30mg m'mawa uliwonse, timapilitsi ta 5mg tija. Ululu watsika ndithu koma tulo palibe, ndimangotembenuka mpaka tambala kulira mtima ukugunda, masana thupi lili lefu. Njala nayo yosaneneka, masaya atupa mpaka anthu akundifunsa, chilungulira nde osakamba.

Tiyi wamadzulo ndinasiya, foni ndimaiika kutali, mankhwala ndimamwa nditadya phala, Piriton ndayesa koma ayi ndithu. Kuchipatala anangoti ndisasiye mwadzidzidzi, dozi amatsitsa pang'onopang'ono, koma tsiku lobwererako lili patali.

Amene munamwapo, tulo tinabwerera dozi itatsika? Nanga shuga ndikayezetse panopa kapena ndidikire tsikulo? Ndili ku Zomba.