Thandizeni pa za Stuart Hall, mayeso ali Lachisanu

wachaka_choyamba:
Moni nonse. Ndikupanga utolankhani chaka choyamba, Lachisanu tili ndi mayeso a media theory koma manotsi ndimangoloweza osamva kanthu. Hypodermic needle ndaimva, eti kale ankaganiza kuti wailesi imakubaya uthenga ngati jakisoni iwe n'kungokhulupirira basi. Koma za encoding ndi decoding za Stuart Hall zija zandizunguza mutu. Wina andifotokozere m'Chichewa chonde.

wakale_pawailesi:
Chemwali musade nkhawa, chovuta ndi chizungu chake chokhacho. Hall anabadwira ku Jamaica, ankagwira ntchito pa yunivesite ya Birmingham ndipo mfundoyi anailemba mu 1973. Akuti wokonza pulogalamu amamanga mtolo wa tanthauzo, ndiye encoding imeneyo, koma womvera akafika pomasula mtolowo amaumasula malinga ndi moyo umene akukhala, ndiye decoding imeneyo, ndipo kumasulako kuli mitundu itatu.

Tengani uthenga wa kolera pa wailesi, sambani m'manja ndi sopo, imwani madzi othira kolorini. Mayi wina wamva n'kuchita momwemo, ameneyo ndi preferred reading. Wina akuti zoonadi koma sopo wakwera mtengo, ine ndisamba ndi phulusa ndipo madzi ndiziwiritsa nkhuni zikapezeka, wavomera koma wakonzako zigwirizane ndi thumba lake, ndiye negotiated. Wachitatu akuti mjigo wathu unawonongeka chaka chatha sanabwere kudzakonza, lero akutiuza zosamba m'manja ndi madzi ati, awa angofuna ndalama za mabungwe othandiza akunja. Oppositional imeneyo. Pamene ambiri amalakwitsa pamayeso ndi apa, amalemba kuti wachitatuyu sanamvetse uthenga. Ayi ndithu wamva bwinobwino, akungoukana dala.

kaphiri_265:
Akuluwa anena bwino. Koma musangoima pa omvera, funso la genre, kutanthauza mtundu wa filimu kapena pulogalamu, silisowa. Steve Neale amati genre imayenda ndi kubwereza komanso kusiyanitsa. Ine ndinamvetsa zimenezi nditakumbuka mavidiyo sho a ku Ndirande tili ana, filimu ya ku Nigeria ikangoyamba umadziwiratu kuti mukhala apongozi ankhanza, sing'anga, kenako abusa abwera kumapeto kudzapemphera, ndipo tinkalipirabe kukaonera yotsatira chifukwa mumakhala kena kake kosiyana pang'ono. Zikafanana ndendende anthu amatopa, zikasiyana kwambiri amatuluka akudandaula kuti si zimene analipirira.

Za Roland Barthes ndi zachidule, denotation ndi chimene ukuona, connotation ndi chimene chikubwera m'mutu. Mayi pa chikwangwani wavala chitenje chakuda, denotation ndi nsalu yakuda basi, koma aliyense wa kuno adziwa kuti pagwa maliro.

nanyoni_bt:
Ine jakisoni uja musamutaye msanga amwene. Agogo anga kumudzi akanena kuti "yanena wailesi" nkhani yatha, palibenso kutsutsa, ndiye mukati aliyense amasankha yekha momasulira ndimakayika pang'ono. George Gerbner anapeza kuti ku America anthu oonera TV maola 4 kapena kuposa patsiku ankaona dziko ngati loopsa kuposa mmene lilili, zimalowa pang'onopang'ono ngati ndowa yodzaza ndi madontho. Onani mmene timaopera kuyenda madzulo chifukwa cha mavidiyo a umbanda a pa WhatsApp.

wakale_pawailesi:
@nanyoni_bt agogo omwewo afunseni za njira zolera zimene wailesi yomweyo imalalikira muone ngati avomera, kkkk. Amasankha nawonso. Ndipo Blumler ndi Katz mu 1974 anatembenuza funso lonse, m'malo mofunsa kuti wailesi imawachita chiyani anthu anafunsa kuti anthu amachita nayo chiyani wailesiyo. Agogo mwina amaitsegulira mauthenga a maliro ndi mpira basi.

wachaka_choyamba:
Zikomo kwambiri nonse, chitsanzo cha mjigo chija ndachilemba kale. Koma Gerbner sali m'manotsi athu, ndimuikemo kapena alekichala aona ngati ndadzionetsera?