Kasitomala wandibwezera kiyibodi ya pleti ya brass, ndidulitse ya chiyani?

Wongoyamba:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu ndinamangira mayi ena kiyibodi ya 60% (yaing'ono, ya mabatani 61), kesi ya aluminiyamu ya tray mount, PCB (bolodi ya magetsi) ya hotswap (yozula ndi kuika masiwichi popanda kuwotcherera), masiwichi a linear (otsika mosalala). Pleti (kachidutswa ka mabowo kogwira masiwichi) ndinaika ya chitsulo cha brass poti ndi imene inabwera ndi kesiyo, komanso ndinkati kulemera kwake kuwasangalatsa. Mayiwa ntchito yawo ndi yolemba zimene zajambulidwa pa misonkhano, ndiye amataipa kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Dzulo andibwezera. Akuti ikamakwana masana nsonga za zala zimakhala zikuwawa, ndipo batani lililonse likumasiya kakulira koti ngiii kamene anzawo a mu ofesi atopa nako. Akufuna yolira mwa besi komanso yofewa pansi pa chala. Fayilo yodulira pleti ndili nayo, ndiye nditha kudulitsa ya PC (pulasitiki ya polycarbonate), POM (pulasitiki ya mtundu wina), FR4 (faibagalasi) kapena aluminiyamu. Mtima wanga uli pa PC. Ndikulakwitsa?

Wagirizi:
Musanadulitse kanthu achimwene, masipuling'i munawapaka mafuta?

Wongoyamba:
Ayi achemwali. Ndinangopaka mafuta a Krytox 205g0 pa stem (kachidutswa ka siwichi kotsika mukadina) ndi m'kati mwa housing (chigoba cha siwichi) basi.

Wagirizi:
Ndiye ngiii ameneyo musamunamizire brass. Zulani siwichi imodzi, muiyandikize kukhutu, muidine n'kuisiya mofulumira. Mukamva kulira komweko siwichi ili m'manja, dziwani kuti ndi sipuling'i. Pleti yachitsulo imangotenga kulirako n'kukufalitsa kiyibodi yonse, kenako kesi ya aluminiyamu n'kuwonjezera. Mukaika PC kuchepa ndithu, koma sikutha. Tsegulani masiwichi onse, masipuling'i muwathire m'kathumba ka pulasitiki ndi timadontho ta Krytox 105, mukhutchumule bwinobwino. Ndi ntchito yotopetsa, masiwichi 61 si masewera, koma palibe njira yachidule.

Mkulu Wakale:
Wagirizi wanena zoona. Ine ndilankhule za zala.

Mwana wanga, mawu amene andiimitsa mu funso lanu ndi akuti tray mount. Mu kesi yotere PCB imamangidwa ndi masikuluwu pa timizati totuluka pansi pa kesi, ndipo pa 60% yambiri kamzati kamodzi kamakhala pakati penipeni, pakati pa G ndi H. Apo ndi pamene zala za munthu wotaipa zimathera tsiku. Muike pleti yofewa bwanji, pamalo amenewo palibe kopindikira, chifukwa pansi pake pali chitsulo chimene chagwira PCB. Chimene mudzapeze ndi kiyibodi yofewa kwina, yolimba kwina, ndipo kulira kwa G kudzasiyana ndi kwa K. Munthu wotaipa tsiku lonse amazimva zimenezo msanga kuposa ifeyo omanga.

Kusiyana kwa zipangizozi n'kwakukulu, osakana. Kulimba kwa brass kuli cha m'ma 100 GPa (muyeso wa kulimba), aluminiyamu cha m'ma 69, FR4 cha m'ma 20, POM pafupifupi 3, PC kungopitirira 2 pang'ono. Ndiye brass imalimba pafupifupi ka 40 kuposa PC. Pa kulemera, brass ndi magalamu pafupifupi 8.5 pa cm³, aluminiyamu 2.7, PC 1.2. Koma manambala amenewa amaoneka ntchito yake bwino pa gasket mount (pleti yopanidwa pa tinthu tofewa m'mbali mwa kesi) kapena top mount (pleti yomangidwa ku mbali ya pamwamba ya kesi), pamene pleti ndiyo yanyamula zonse ndipo ili ndi mpata wotsika. Pa tray mount pleti imangokhala pamwamba pa PCB, yagwiridwa ndi masiwichi. Ndiye yambani mwachotsa sikuluwu yapakatiyo, ndipo pa otsalawo muike timphete ta silikoni pamwamba ndi pansi pa PCB. Mukatero ndiye tikambe za pleti.

Wachitsulo:
Ine ndiye sindikuona chifukwa chothamangira ku pulasitiki. Aluminiyamu ili pakati, masiwichi amagwira nga, sipindika poika, ndipo kasitomala akadzafuna kusintha masiwichi yekha sadzavutika. Masiku ano aliyense akungoti PC, PC, chifukwa cha mavidiyo a pa YouTube. Kulira kumene mumamva m'mavidiyo amenewo theka lake ndi maikolofoni ndi tebulo la mwini wake.

Wagirizi:
Za mavidiyozo ndikuvomerezana nanu. Koma aluminiyamu m'kesi ya aluminiyamu, kwa munthu amene wadandaula kale kuti zikulira mokweza? Kumeneko n'kungosintha dzina la vuto.

Wachitsulo:
Ndi foam (siponji) ya Poron pakati pa pleti ndi PCB zimakhala bwino.

Mkulu Wakale:
Zimakhala chete, inde. Koma mukadzaza foam paliponse, kiyibodi iliyonse imalira mofanana, ndiye kusankha pleti kwakhala kopanda phindu. Komanso foam yapakatiyo imalimbitsa zonse, kufewa kumene tikufunako n'kuchepa.

Wodula Mapleti:
Ndilowererepo ngati munthu amene amadulira anthu zinthu zimenezi.

PC musaipititse pa laser ya CO2. M'mphepete mumapsa n'kuchita chikasu, ndipo mabowo satuluka aukhondo. Imafuna CNC, makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta. POM imaduka bwino kwambiri pa laser, kungoti utsi wake uli ndi formaldehyde, ndiye wodulayo akhale ndi chokokera utsi kunja chogwira ntchito. FR4 musavutike nayo kuidula nokha, itanitsani kwa opanga ma PCB, poti ndi chipangizo chomwecho chimene amapangira PCB. Koma muonetsetse kuchindikala. Ambiri mukapanda kunena amakupatsani 1.6mm, pamene timano ta siwichi ya mtundu wa MX tinapangidwira pleti ya 1.5mm. Pa 1.6 masiwichi ambiri amalowabe, koma ena timano sitigwira bwino.

Bowo la siwichi ndi 14mm mbali zonse. Funsani wodula wanu ngati fayilo yawerengera kale kachigawo kamene laser imadya. Pa chitsulo bowo likakula pang'ono mumapirira, koma pa pulasitiki siwichi imayamba kugwedera.

Chinanso, munati hotswap. Pleti ya PC ndi yofewa moti poika siwichi imabwerera pansi m'malo moti timano tigwire. Anthu amakankha mwamphamvu, mwendo wa siwichi n'kupindika, kapena soketi n'kuzuka kumbuyo kwa PCB pamodzi ndi pad yake (kamalo ka kopa pamene soketi inawotchereredwa). Ndazionapo kangapo, ndipo kukonza pad yozuka si ntchito yoseketsa. Mukamamanga, PCB ikhale kunja kwa kesi, chala chili kumbuyo kwa soketi, muyambe ndi makona anayi kenako pakati. Masiwichi anu ndi a miyendo 3 kapena 5?

Wongoyamba:
A miyendo 5 bwana.

Wodula Mapleti:
Bola. Timiyendo tiwiri ta pulasitikito tiwagwira kuti asakhote ngakhale pleti itakhala yofewa. Akanakhala a miyendo 3 ndikanakuuzani kuti mukhale pa FR4.

Wagirizi:
Pakati pa PC ndi POM ine ndikanatenga POM. Khutu langa limamva PC ngati yakuya koma yofowoka, ngati mukugogoda chitseko mutavala magolovesi. POM imatsitsa mawu koma batani lililonse limamvekabe lokha. Izi ndi za khutu langa, wina anena zosiyana. Chimene sichitsutsika n'choti POM ndi yolimbirako pang'ono komanso yoterera, ndiye kuzula ndi kuika masiwichi sikuvuta ngati pa PC.

Koma pali funso limene palibe wafunsa. Masipuling'iwo ndi olemera bwanji?

Wongoyamba:
Magalamu 67 pofika pansi.

Wagirizi:
Kwa munthu wa maola 8 pa tsiku? Achimwene, mwina zala zikuwawa chifukwa cha zimenezo. Pleti imatsika kachigawo chabe ka milimita, pamene sipuling'i chala chimalimbana nayo ulendo wonse wa 4mm, kambirimbiri pa tsiku. Poti mukuwatsegula kale, ikani opepukirako.

Mkulu Wakale:
Pang'onopang'ono pamenepo mayi. Zimatengera kataipidwe ka munthu. Wotaipa mopepuka, sipuling'i yolemera imamutopetsa. Koma amene amamenya batani mpaka pansi, mukamupatsa yopepuka kwambiri amagunda pansi mwamphamvu kuposa kale, nsonga za zala n'kuwawa kwambiri. Kasitomalayu wadandaula nsonga, osati mkono. Mwana wanga, pitani mukawaone akutaipa kwa mphindi 5. Tengani masiwichi a mitundu iwiri, muike ena kumanzere ena kumanja, asankhe okha. Hotswap phindu lake ndi limenelo.

Wachitsulo:
Ndipo muwapititsire deskmat, kamphasa koyala pa tebulo pansi pa kiyibodi. Kesi ya aluminiyamu pa tebulo lopanda kanthu, tebulo lenilenilo limasanduka ng'oma.

Wongoyamba:
Ndabweranso akuluakulu. Siwichi ija nditaiika kukhutu inaliradi ngiii ili m'manja, ndiye achemwali munalasa. Masipuling'i ndapaka onse. Sikuluwu yapakati ndachotsa, timphete ndaika, ndipo ndisanasinthe n'komwe pleti, brass yomweyo inayamba kumveka mosiyana moti ndinatsala pang'ono kuisiya. Ndinadulitsabe POM ya 1.5mm. Inabwera yopindika pang'ono ngati uta, koma masiwichi atalowa inawongoka. Foam ndaika yopyapyala pansi pa kesi pokha, pakati sindinaike.

Mayi aja ndinakawaona akutaipa. Amamenyadi mpaka pansi, moti a 67 aja anawakonda kuposa opepuka amene ndinatenga. Akhala nayo masiku 4 tsopano ndipo akuti masana akudutsa zala zili bwino. Chatsala ndi spacebar. Zina zonse zitatsika mawu, iyo yokha ikumveka phwa phwa kumanzere, kumanja ili bwinobwino.

Wodula Mapleti:
Kumanzere kokha? Zulani waya wa stabilizer (chogwira batani lalitali kuti lisapendekere) muugoneke pa galasi, mudine mbali imodzi. Ukanyamuka mbali inayo ndiye kuti ndi wopindika. Ukakhala wowongoka, yang'anani ngati bowo la stabilizer pa POM yatsopanoyo silikukhuza housing, mwina pafunika kupala pang'ono ndi fayilo yachitsulo.